Kusaka fumbi lowala m'thambo la Indiana

Mu 1912, Vesto Slipher, mbadwa ya ku Mulberry m'chigawo cha Indiana, anapeza kuti kachifunga kozungulira nyenyezi ya Merope mu Nsangwe kalibe kuwala kwakekwake. Ndi fumbi lomwe limangobweza kuwala kwa nyenyeziyo. N'chifukwa chake mitambo yotereyi ndi yozilala, ndipo ambiri amaidumpha pothamangira mtambo wowala kwambiri wa M42.

Wofuna kuiona ayambe wathawa magetsi. Wa ku South Bend awoloke malire kupita ku paki ya Dr. T.K. Lawless kufupi ndi Vandalia ku Michigan, yomwe mu 2020 inavomerezedwa kukhala paki yoteteza mdima. Wa ku Indianapolis afunse ku Indiana Astronomical Society, yomwe imagwiritsa ntchito Goethe Link Observatory m'boma la Morgan. Telesikopu ya Holcomb ku Butler University ndi chimphona cha mainchesi 38, koma ili pakati pa mzinda. Kumeneko n'kwa mwezi ndi mapulaneti.

Asankhe usiku womwe mwezi uli kumdima. M'nyengo yachisanu nyanja ya Michigan imafunditsa South Bend mitambo masiku ambiri, choncho kukangoyera asazengereze.

Akafika azimitse foni, akhale mumdima mphindi 30. Fyuluta za UHC ndi OIII zitsale m'chikwama: zimathandiza pa mitambo ya mpweya wowala wokha, koma pa fumbi zimangophimba kuwala kochepa komwe kulipo.

Poyambira pabwino ndi M78, yomwe Pierre Méchain anaipeza mu 1780. Aloze Alnitak, nyenyezi yakum'mawa mwa zitatu za Akamwiniatsatana, n'kukwera madigiri awiri ndi theka chakumpoto chakum'mawa. Ziwoneka nyenyezi ziwiri ngati magetsi a galimoto m'chifunga. Asaziyang'ane maso tong'o, ayang'ane chapambali pang'ono, agogode telesikopu ndi chala, poti diso limagwira msanga chinthu chogwedezeka. Akazolowera ayese mtambo wa NGC 7023 m'gulu la nyenyezi la Cepheus.

Merope ndiye mpusitsi. Mame kapena mpweya wa m'kamwa zikagwa pa galasi, nyenyezi iliyonse imavala kachifunga, munthu n'kusangalala pachabe. Chifunga chenicheni sichizungulira mofanana: chimatambalala chakumwera kwa Merope, kumpoto kwake kuli bii. Ngati mbali zonse zikufanana, aumitse galasi ayambirenso.