Basi ya Pansi pa Mtengo wa Mango

Werengani nkhani iyi mokweza, kenaka muiwerenge camumtima.

Ana ambiri a ku Petauke adziwa kupanga galimoto ya waya. Ena aumba ng'ombe za dothi, ena asewera masanje. Koma mnyamata wina wa mu Giredi 3 anali ndi basi yake pansi pa mtengo wa mango. Basiyo inali benci lakale. Ciwongolero cinali cibvundikiro ca poto, ndipo ndalama zinali masamba a mango.

Masukulu atatseka, msuweni wake wamkazi anabwera kudzaceza kucokera ku Nyimba.

"Kwera, msuweni! Basi iyi ipita kwanu ku Nyimba!" anatero mnyamatayo.

Mtsikanayo analipira masamba awiri, nakhala kumbuyo. Vuuu! Basi inanyamuka.

"Tafika pamsika wa Petauke," anatero dalaiva. Vuuu! "Tafika pasukulu." Vuuu! "Tafikanso pamsika."

"Iwe, nanga ku Nyimba tifika liti?"

Dalaiva anangoti zii. Zoona zake n'zakuti iye anali asanapiteko ku Nyimba, ndipo njira sanali kuidziwa.

"Ndipatseko ciwongolero. Ine njira ndiidziwa," anatero mtsikanayo.

"Iyai! Basi ndi yanga. Ndiponso atsikana sayendetsa basi."

"Anakuuza ndani zimenezo?" Mtsikanayo anatsika, napita pakhonde kukathandiza ambuya kusenda nshawa.

Mnyamata uja anayendetsa yekha. Anaimba hutala, "Pi! Pi!" koma panalibe wokwera. Panalibe wolipira, panalibe wofunsa cenji. Anayang'ana basi yake, naona benci lakale cabe. Anayang'ana ciwongolero, naona cibvundikiro ca poto. Anakhala kanthawi akukanda pansi ndi cala. Kenaka anapita pakhonde pang'onopang'ono.

"Msuweni, bwera. Iwe uyendetse, ine ndikhale kondakitala."

"Ulendo wonse?"

"Inde, mpaka ku Nyimba."

Ambuya anaseka. "Ana inu, nanenso mundinyamule. Nayi ndalama yanga." Iwo analipira nshawa zisanu.

"Kwerani, ambuya, khalani pampando wa kutsogolo," anatero kondakitala.

Dalaiva watsopano anagwira ciwongolero. "Tacoka paboma. Tsopano tafika pamseu waukulu, Great East Road. Kumanzere ndi ku Chipata, kumanja ndi ku Lusaka. Ife tikhotera kumanja. Gwiritsani! Tapitirira pa Minga. Kondakitala, uza anthu acotse mbuzi pamseu!"

"Mbuzi, cokani!" anakuwa kondakitala, nkhuku za ambuya n'kuthawa.

"Nyimba! Otsika pa Nyimba! Onani nthoci pawindo. Kwathu nthoci ndiye zambiri, amai azigulitsa m'mbali mwa mseu."

Kondakitala anagula phava lonse la nthoci ndi masamba atatu. Anadya ndi pakamwa pokha, koma anati zinali zokoma zedi.

"Nanga kutsogolo kuli ciani?" anafunsa.

Apa dalaiva nayenso anakanda mutu, pakuti njira yake inathera pa Nyimba.

"Yendetsa, mdzukulu wanga, ndikuuza ine," anatero ambuya. "Tipitirira pa Kacholola, kenaka tilowa m'mapiri. Mseu wake ndi wokhotakhota, usathamange. Tikatsika mapiri tipeza mtsinje wa Luangwa. Pali mlatho waukulu umene unatsegulidwa mu 1968. Tikaoloka, mundigulire nsomba zouma."

Basi inakwera mapiri ikulira. Onse atatu anapendekera uku, napendekera uko. Ali pakati pa mlatho, amai anaitana kuti nsima yapsa.

"Amai, dikirani pang'ono!" anakuwa kondakitala. "Tikatsika pano tigwera m'madzi!"

Mau atsopano

ciwongolero, kondakitala, hutala, phava, mlatho, kupendekera

Yankhani mafunso awa

1. Kodi basi ya mnyamata inali ciani?
2. N'cifukwa ciani basi inali kungozungulira mu Petauke?
3. Mtsikana atatsika, mnyamata anaona ciani?
4. Ndani anadziwa njira ya ku Luangwa?
5. Kodi mnyamata ananena zoona kuti atsikana sayendetsa basi? Fotokozani.

Zocita

Khalani awiriawiri. Sankhani malo amene mnzanu awadziwa koma inu simunapiteko. Mnzanuyo akhale dalaiva, akuuzeni zimene muona panjira. Mukafika, sinthanani. Lembani ziganizo zitatu za ulendo wa mnzanu.