ZA UMOYO WATHU: Kholo likakhala miyezi m'cipatala

Matenda a sitiroko sagogoda pakhomo. Amai amene dzulo anali kugulitsa tomato pa msika wa Kapata lero auma mbali imodzi, pakamwa pakhota, mau satuluka. Cacitika ndi cakuti mtsempha wa magazi mu ubongo watsekeka kapena waphulika, ndipo kawirikawiri gwero lake ndi BP imene inakhala yokwera zaka zambiri popanda mankhwala. Ubongo wa kumanzere ndiwo uyendetsa dzanja ndi mwendo wa kumanja, ndiponso mwa anthu ambiri ndiwo usunga mau. Ndico cifukwa cake wouma kumanja nthawi zambiri abvutikanso kulankhula.

Sabata yoyamba abale abwera ambiri, wina ndi nsima, wina ndi thobwa. Pofika sabata yacitatu pambali pa bedi patsala munthu mmodzi, kawirikawiri mwana wamkazi amene wasiya ana ake ndi kamalonda kake ku komboni. Koma matenda awa si a masiku. Kucira kwakukulu kucitika m'miyezi 3 yoyamba, kenaka kupitirira pang'onopang'ono mpaka miyezi 6 ngakhale kuposapo. Motero banja likhale pansi msanga, anthu asanatope ndi kuyamba kulozana zala. Gwirizanani za amene agona ku wadi sabata ino ndi amene adzamulandira, amene aphika, ndi amene aona kuti ana a wosamalirayo adya ndipo apita kusukulu. M'bale wa ku Lusaka kapena ku Kitwe amene sangabwere atumize ndalama ya basi ndi sopo mwezi uliwonse, osadikira kupemphedwa. Inunso ana aamuna, iyi ndi nchito yanu. Atate ambiri acita manyazi kusambitsidwa ndi mwana wamkazi, nanga kuli bwanji ndi mpongozi? Ena afika pobisa kuti adziipitsira, nagona m'zonyowa usiku wonse.

Tsopano nkhani imene ife a m'cipatala tikangana nayo ndi mabanja masiku onse: cifundo. Mwana aona amai ake alimbana ndi supuni, phala litayikira pa citenge, mtima umuwawa, alanda supuni nayamba kuwadyetsa. Awabveka, awanyamula, awayankhira mafunso. Cikondi cimeneci cicedwetsa kucira. Mbali za ubongo zimene sizinaonongeke zitha kuphunzira nchito ya mbali yoonongekayo, koma ziphunzira mwa kubwereza cinthu cimodzimodzi kambirimbiri. A physiotherapy akhala ndi wodwala nthawi yocepa cabe. Maola otsalawo ali m'manja mwanu. Pamene iwo aphunzitsa, imani pafupi, penyani, apempheni akuonetseni ndi manja anu. Cimene kholo lingathe kucita lokha, lisiyeni licite, ngakhale batani limodzi litenge mphindi 5.

Pa zakudya musayambe kupatsa kanthu pakamwa anasi kapena adotolo asanaone ngati wodwala ameza bwino. Akalola, mukhazikeni tsonga, mupatseni pang'onopang'ono ndi supuni yaing'ono, ndipo akhalebe tsonga mphindi 30 atatha kudya. Ambiri adabwa kumva kuti madzi ndi tiyi zitsamwitsa msanga kuposa phala lolimbako. Ngati akhosomola pomwa kapena mau amveka ngati muli madzi pakhosi, lekani ndipo muuze anasi, pakuti cakudya cikalowa m'mapapo cibweretsa cibayo.

Amene sangathe kudzitembenuza mutembenuzeni pa maola 2 alionse, usana ndi usiku. Onani pamsana m'munsi, m'ciuno ndi ku zidendene. Khungu likada kuposa pena, likatentha kapena kulimba, cilonda ca pabedi cayamba. Ndipo pomudzutsa musakoke dzanja loumalo: phewa lake lilibe mphamvu yodzigwira, litha kuguluka ndi kuwawa miyezi yambiri. Liikeni pa pilo.

Wosalankhula si wogontha ai. Ambiri amva ndi kuzindikira zimene zinenedwa, ndiye nkhani za nyumba, za munda kapena za amene "anawalodza" musakambire pa bedi. Funsani funso limodzi lofuna inde kapena iyai, ndipo dikirani yankho. Kulira kapena kuseka popanda cifukwa ndi mbali ya matendawa. Koma kholo likayamba kukana cakudya ndi kukana maphunziro a thupi masiku angapo, tiuzeni, cifukwa kutaya mtima pambuyo pa sitiroko kuli ndi cithandizo cake.

Tsiku lotuluka lisakupezeni osakonzeka. Wodwala agone m'cipinda capafupi ndi khomo, cotsani timphasa toterera pansi, ndipo ngati cimbudzi cili kutali pezani mpando ndi ndowa. Mbaula ikhale patali ndi mbali youma, pakuti mwendo wosamva upsa mwini wake osadziwa. Pa cifukwa comweco musateme mphini kapena kuthowa ndi madzi otentha. Mankhwala a BP ndi a shuga asalekedwe ngakhale munthu ayambe kuyenda, ndipo tsiku lobwerera ku cipatala lilembedwe pa kalendala pamene onse aona. Pakamwa pakakhotanso, dzanja likalefuka kapena mau akasokonekera mwadzidzidzi, funani galimoto nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.