Tiphunzire ku Mulanje: anthu ambiri, minda yaing'ono

Alimi anzanga, sabata ino ndafuna kuti tione za boma la Mulanje, lomwe lili m'malire a dziko lino ndi la Mozambique. Ndasankha bomali chifukwa vuto la kuchepa kwa malo olima, lomwe likuyamba kumveka m'maboma ena, kumeneku linafika kalekale. Amene akulima ku Dedza, Ntcheu kapena Mchinji asayese kuti nkhaniyi ndi ya eni ake okha.

Malo ndi anthu

Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti m'boma la Mulanje muli anthu 684,107, pomwe mu 2008 analipo 521,391. Kukula kwa bomali ndi masikweya kilomita 2,000 ndi pang'ono. Tikagawa, tikupeza anthu oposa 330 pa sikweya kilomita imodzi, pomwe dziko lonse lili ndi anthu 186. Komatu chiwerengerochi sichikunena zonse. Mbali yaikulu ya bomali ndi phiri, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo linaikidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1927. Malo ena abwino, a mvula yambiri, ali m'manja mwa maesiteti a tiyi. Otsalawo ndiwo akugawana anthu a kwa Mabuka, Chikumbu, Njema, Nkanda, Juma ndi Nthiramanja. Nchifukwa chake mabanja ambiri ali ndi munda wosakwana ndi theka lomwe la hekitala.

Tiyi anayamba kulimidwa kuno mu 1891. Maesiteti anafuna antchito ambiri, ndipo Alhomwe ochuluka ochokera ku Mozambique anadzakhazikika m'derali, ena pansi pa lamulo lowawa la thangata. Alimi ang'onoang'ono anapatsidwa mpata weniweni wolima tiyi mu 1967, pamene bungwe la Smallholder Tea Authority linakhazikitsidwa. Kafukufuku wa mbewuyi amachitikira pa Mimosa m'boma lomweli.

Mvula ndi nthaka

Kum'mwera kwa phiri kumagwa mvula yambiri, ndipo chiperoni chimanyowetsa nthaka ngakhale mu June ndi July. Mvula yotere imatsuka chakudya cha m'nthaka ndi kusiya dothi lofiira la asidi wambiri. Tiyi, chinanazi ndi chinangwa zimapirira dothi lotere, koma chimanga chimavutika. Cha ku Thuchila ndi Nkando mvula ndi yocheperako ndipo malo ndi achigwa. Choncho malangizo a dera limodzi sangagwire m'boma lonse, ndipo mlimi ayenera kufunsa mlangizi wa dera lake.

Madzi omwe amathandizawo amathanso kuononga. Mu March 1991 madzi osefukira kuchokera m'phiri la Michesi anapha anthu ambiri ku Phalombe, komwe nthawiyo kunali mbali ya Mulanje. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anakokolola minda, nyumba ndi milatho, ndipo anthu ambiri anamwalira. Mvula sitingailetse, koma pamene mitengo yatha ndipo anthu alima mpaka m'mphepete mwa Ruo, Lichenya ndi Likhubula, madzi amathamanga opanda chowagwira.

Msika wa m'malire

Amene anafikapo pa Limbuli kapena pa chipata cha Muloza amadziwa njinga zonyamula matumba a chimanga kuchokera ku Milange. Chimanga chimenechi ndicho chimapulumutsa mabanja ambiri chakudya chikatha m'nyumba. Koma ndikuti kudalira munda wa mnzako ndi kugona pakhomo posatseka. Chaka chomwe mvula yavuta tsidya linalo, kapena kwacha yagwa mphamvu monga inachitira mu November 2023 pamene inatsitsidwa ndi 44 peresenti, mtengo wa thumba umakwera ndipo wovutika ndi uja wa munda waung'ono. Chomvetsa chisoni nchakuti mlimi yemweyo amakhala atagulitsa nandolo wake motchipa mu September, kenaka nkudzagula chimanga modula mu January.

Zoyenera kuchita pa munda waung'ono

Choyamba, gwirani nthaka. Pa malo otsetsereka pangani akalozera, tsatirani akalozerawo pounga mizere, ndipo bzalanimo udzu wa vetiva. Ikani ngonyeka m'makwawa kuti madzi alowe pansi. Feteleza wothira pa munda wokokoloka ndi ndalama zoponya mu mtsinje wa Ruo.

Chachiwiri, dzazani munda moyenera. Mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi pa phando. Mukatero mumakhala ndi mapesi pafupifupi 21,000 pa ekala, onse olandira dzuwa ndi chakudya mofanana. Yenderani munda kawiri pa sabata chimanga chikadali chaching'ono, poti mbozi zomwe zinalowa m'dziko muno m'nyengo ya 2016/17 zimabisala mu mtima mwa phesi.

Chachitatu, musasiye nandolo. Pa ichi alimi a ku Mulanje ndi aphunzitsi athu tonse. Nandolo amakula pang'onopang'ono poyamba, choncho salimbana ndi chimanga. Mizu yake imapita pansi kwambiri, masamba ake akayoyoka amasanduka manyowa, ndipo mitengo yake ndi nkhuni. Bzalani pa masentimita 90 mu mzere wa chimanga. Kumene nandolo amafota ndi kuuma asanabereke, funani mitundu yopirira matendawa monga Sauma ndi Kachangu. Pogulitsa, sonkhanitsani pamodzi ngati gulu, chifukwa wa thumba limodzi alibe mawu pa sikelo ya vendala.

Chachinayi, sungani kachigawo ka chinangwa ndi mbatata. Mbatata ya kholowa yofiira mkati monga Zondeni ndi Kadyaubwerere ili ndi vitamini A wofunika kwa ana, ndipo ingabzalidwe mu February pamene chinyontho chikadalipo.

Chachisanu, samalani ndi mbewu zongopatsana. Chibale cha mbali ziwiri za malire nchabwino, koma matenda sadziwa chipata. Matenda a chisaka, omwe anatha nthochi zambiri ku Thyolo ndi Mulanje, amafala ndi ana a nthochi odwala komanso nsabwe za pa nthochi. Khate la chinangwa nalo limayenda ndi mitengo yobzala. Phata lodwala lizulidwe lonse, ndipo mbewu yatsopano ichokere kumene alangizi akuidziwa.

Pomaliza, musaotche mapesi ndi masangwi. Akwirireni kapena pangirani kompositi pamodzi ndi ndowe za mbuzi, nkhuku ndi nkhumba. Manyowa amathandiza dothi la asidi kusunga chakudya, ndipo kafeteleza kochepa komwe mwagula kamagwira ntchito mokwanira.

Alimi anzanga, ana akubadwa tsiku ndi tsiku koma munda sukula. Pakati pa makalembera awiri aja, anthu a ku Mulanje anachuluka ndi oposa 160,000 pa nthaka yomweyo. Chomwe tingakulitse ndi chonde ndi zokolola za pa mzere uliwonse, ndipo ntchito imeneyi imayamba m'chilimwe, mvula isanagwe.