Kafukufuku wa ngozi zogwa mwadzidzidzi amayambira pakhomo

M'chaka cha 2024 nyanja ya Malawi idakwera kwambiri ndipo madzi adameza magombe, minda ndi nyumba m'madera ambiri a m'mbali mwa nyanja, kuphatikizapo boma la Nkhata Bay. Kwa achinyamata izi zidali zachilendo, koma akuluakulu amene adaona nyanja itakwera mu 1980 amakumbukira pamene madzi adalekeza. Chidziwitso chotere n'chimene akadaulo ofufuza za ngozi zogwa mwadzidzidzi amachifunafuna, ndipo ku Chikale chilipo chochuluka.

Ngozi zimene zazinga dera lino

Tawuni ya Nkhata Bay idamangidwa pamapiri otsetsereka kulowa kunyanja, ndipo imalandira mvula yambiri. Mitengo ikatha, madzi amathamanga n'kukokolola nthaka, nthawi zina mpaka kugumula maziko a nyumba. Nyanjayi ilinso m'chigwa chachikulu chomwe nthaka yake imagwedezeka: chivomezi chidawononga ku Salima mu 1989, ndipo zivomezi zotsatizana zidagwetsa nyumba zambiri ku Karonga mu Disembala 2009. M'nyengo yozizira mphepo ya Mwera imagubuduza mabwato a asodzi. Mliri wa kolera umene udayambira ku Machinga mu Malichi 2022 udafika ku Nkhata Bay m'chilimwe cha chaka chomwecho, ndipo m'dziko lonse udapha anthu oposa 1,700.

Zimene akadaulo adapeza

Mmodzi mwa akadaulo amene athera zaka zambiri pankhaniyi ndi a Mtafu Manda, mphunzitsi wa zamapulani a matawuni pasukulu yaukachenjede ya Mzuzu. Iwo adachita kafukufuku wawo wambiri ku Karonga, tawuni ya m'mbali mwa nyanja ngati Nkhata Bay. Pamodzi ndi anzawo a Elijah Wanda, adafunsa mabanja khomo ndi khomo, adayeza madzi akumwa ndi kusanthula kaundula wa kuchipatala. Zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2017.

Phunziro lalikulu la kafukufukuyu ndi lakuti anthu savutika ndi ngozi zikuluzikulu zokha. Madzi oipa, kusowa kwa zimbudzi, matenda opewereka ndi ngozi zapamsewu zimavulaza ndi kupha anthu mwakachetechete chaka chonse, koma popeza zimagwera banja limodzilimodzi, sizimveka pawayilesi. Pamene sizidalembedwe, sizilowanso m'mapulani a chitukuko. Choncho dera limene silisunga mbiri ya mavuto ake limaiwalika pogawa thandizo.

Udindo wa anthu okhala m'dera

Ngozi ya Napolo ku Phalombe mu 1991 ndiyo idachititsa boma kukhazikitsa lamulo loyamba loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Namondwe wa Freddy atasakaza chigawo chakummwera mu 2023, Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano lomwe limaika patsogolo kukonzekera m'malo modikira kugawa ufa ndi mabulangete ngozi itachitika kale. Ntchitoyi imadalira makomiti a m'midzi ndi m'madera, omwe amalumikizana ndi khonsolo ndi nthambi ya DoDMA.

Komiti ya dera ngati Chikale ingathe kuchita kafukufuku wake popanda ndalama zambiri. Choyamba ndi kukhala pansi ndi akuluakulu ndi asodzi n'kujambula mapu osonyeza pamene nyanja idafika mu 1980 ndi mu 2024, mikwasa ya madzi amvula, ndi malo amene adagumukapo. Chachiwiri ndi kusunga kope limodzi lolembamo ngozi iliyonse, yaikulu kapena yaing'ono, tsiku lake ndi malo ake. Chachitatu ndi kudziwa makomo amene muli okalamba, aulumali ndi amayi oyembekezera, komanso amene adzawanyamule pothawa. Chachinayi ndi kugwirizana njira yofikitsira chenjezo la Mwera kuchokera kunthambi yoona zanyengo kwa msodzi aliyense asanakankhe bwato. Paja akuluakulu adati walira mvula walira matope: wokonda kukhala pafupi ndi nyanja ayeneranso kukonzekera ukali wake.

Mwayi kwa achinyamata

Ana asukulu akaphunzira njira yothawira ndi malo okumanirana, amakaphunzitsanso makolo awo. Ena mwa iwo angathe kupita patali ndi maphunzirowa, pakuti sukulu yaukachenjede ya MUST ku Thyolo imapereka digiri ya kasamalidwe ka ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo ya Mzuzu imaphunzitsa zamapulani a matawuni ndi zamadzi. Wophunzira wochokera ku Chikale amayamba ali ndi mwayi umene mlendo alibe: amadziwa chilankhulo, njira ndi anthu.

Zokambirana pamsonkhano wa dera

Kodi ndani amasunga mbiri ya ngozi m'dera lino? Ndi nyumba ziti zimene zili m'munsi mwa malire a madzi a 1980? Nanga chenjezo likabwera usiku, lidzafika bwanji pakhomo lomalizira?