MTIMA WA WOSAMALA ODWALA

Tikadwala timathamangira ku cipatala, ndipo namwino amatimanga lamba pa mkono kuti aone m'mene magazi athu akuthamangira. Koma ndani amene amapima namwinoyo? Ambiri a inu muli ndi ana kapena adzukulu amene ali pa nchito m'zipatala: ena ndi anamwino, ena azamba, ena othandiza madotolo, ena ocapa nsaru ndi kukolopa, ena oyendetsa ambulansi. Phunziro lino likunena za mitima yao, ndipo likukhudza ife tonse amene timapita kukafuna cithandizo m'manja mwao.

1. Mtima ndi nchito yace

Mtima ndi mnofu, ndipo ukulu wace ulingana ndi nkhonya ya mwini wace. Munthu wamkulu ali cikhalire, mtima umagunda ka 60 kufikira ka 100 pa mphindi imodzi, ndiko kuti pafupifupi ka 100,000 pa tsiku, ndipo umapopa magazi okwana malita 5 pa mphindi iliyonse. Mnofu umenewu nawonso umadya. Uli ndi timitsempha tace timene timaupatsa magazi. Timitsemphato tikacepa cifukwa ca mafuta omatirira m'kati, kenaka n'kutsekeka ndi magazi oundana, mbali ina ya mtima imafa, ndipo munthu angathe kumwalira tsiku lomwelo. Ngati mtsempha wotsekeka kapena wophulika uli mu ubongo, munthu amafa ziwalo mbali imodzi. Imeneyi ndiyo sitiroko.

2. Cimene mantha ndi nkhawa zimacita m'thupi

Taganizani munthu amene ali pa njira ya kumunda, nakumana ndi mphiri. Pomwepo tiziwalo tiwiri timene tili pamwamba pa impso timathira m'magazi mankhwala ochedwa adrenaline ndi cortisol. Mtima umafulumira, magazi amathamanga ndi mphamvu, ndipo shuga amaculuka m'magazi kuti miyendo ipeze mphamvu yothawira. Zonsezi n'zabwino, pakuti zimapulumutsa moyo. Njoka ikapita, thupi limabwerera mwakale.

Bvuto limadza pamene thupi silipeza mpata wobwerera mwakale. M'caka ca 1936 Hans Selye, dotolo wa ku Montreal m'dziko la Canada, anaonetsa kuti makoswe ozunzidwa masiku ambiri amatupa tiziwalo ta pa impso tija, namatuluka zilonda m'mimba. Kwa munthu, nkhawa ya tsiku ndi tsiku imakweza kathamangidwe ka magazi, imasokoneza tulo, ndipo imaononga mitsempha pang'ono ndi pang'ono. Tsono lingalirani mzamba amene ali yekha usiku, amai atatu ali pa bedi, mmodzi akutaya magazi, ndipo dotolo ali kutali. Thupi lace limacita monga la munthu woona mphiri, ndipo limatero usiku uliwonse kwa zaka zambiri.

3. Nchito yolemetsa ndi nchito yopanikiza

Wina angati, "Nanga ife sitilima kuyambira m'mamawa? Kodi khasu n'lopepuka?" Zoonadi, silopepuka. Komatu mlimi akatopa amaika khasu pansi, nakhala pa mthunzi, ndipo palibe womuletsa. M'caka ca 1979 Robert Karasek wa ku America anafotokoza kuti nchito yoopsa ku thupi ndiyo imene ili ndi zinthu ziwiri pamodzi: zofunika kucita n'zambiri ndi zofulumira, koma wogwira nchitoyo alibe mau pa kagwiridwe kace. Imeneyi tiiche nchito yopanikiza.

Ku London, kuyambira m'caka ca 1967, akatswiri anatsata umoyo wa amuna pafupifupi 18,000 a nchito za boma. Anthu anali kuganiza kuti mabwana ndiwo amafa ndi mtima cifukwa ca udindo wao. Koma cimene cinapezeka n'cakuti amithenga ndi alonda a pakhomo anali kufa ndi matenda a mtima koposa katatu poyerekeza ndi mabwanawo. M'caka ca 2012 kafukufuku wina, wosonkhanitsa anthu pafupifupi 200,000 a ku Ulaya, anapeza kuti pamene mwa anthu a nchito yosapanikiza mudwala mtima anthu 100, mwa anthu olingana nao a nchito yopanikiza mumadwala 123. Cotero m'cipatala tisayang'ane dotolo yekha. Wokolopa ndi wonyamula odwala, amene amatumidwa ndi aliyense koma safunsidwa maganizo ndi munthu, nawonso ali pa ngozi.

4. Zimene zinapezeka pakati pa anamwino

Ku Denmark, kuyambira m'caka ca 1993, anamwino oposa 12,000 anafunsidwa za nchito yao, ndipo umoyo wao unatsatidwa kwa zaka 15. Amene anayankha kuti nchito ikuwapanikiza kopitirira muyeso anadwala mtima kuposa anzao amene anati nchito ili pa muyeso wabwino, ndipo kusiyanaku kunaoneka kwambiri mwa anamwino osapitirira zaka 50. Ku America nako, kumene anamwino oposa 120,000 anayamba kutsatidwa m'caka ca 1976, kunapezeka kuti amene anagwira nchito yosinthasintha, lero usana mawa usiku, kwa zaka 10 kapena kuposerapo, anadwala mtima mopambanako anzao a usana wokha.

Maora nawonso ali ndi mlandu. M'caka ca 2021 bungwe la za umoyo pa dziko lonse, WHO, pamodzi ndi bungwe la za nchito, ILO, analengeza kuti m'caka ca 2016 anthu 745,000 anafa ndi sitiroko ndi matenda a mtima cifukwa cogwira nchito maora 55 kapena kuposa pa mlungu. Namwino amene amalowa nchito kawiri motsatana cifukwa mnzace sanabwere, sacedwa kufika pa maora amenewa.

Tinene zoona: fodya ndi kuthamanga kwa magazi zimaononga mtima koposa nchito yopanikiza. Koma nkhawa siyenda yokha. Munthu wotopa amadya ciliconse cimene wapeza, amagona pang'ono, ndipo ena amafuna mpumulo mu ndudu ndi m'botolo.

5. Tsono ticitenji?

Inu a nchito za m'cipatala: cipangizo copimira magazi cili m'manja mwanu tsiku lonse, pemphani mnzanu akupimeni, ngakhale kamodzi pa caka. Kuthamanga kwa magazi kawirikawiri sikumveka m'thupi. Ngati muyeso ufika pa 140/90 kapena kuposa masiku osiyanasiyana, yambani cithandizo monga momwe mumauzira odwala anu. Mcere usapitirire magalamu 5 pa tsiku, ndiko kuti kasupuni kamodzi kakang'ono. Yendani mwandawala kapena kupalasa njinga mphindi 150 pa mlungu, funani maora 7 a tulo, ndipo fodya mumutaye. Mukamva cifuwa kulemera ngati capsinjidwa ndi mwala, ululu n'kumafika ku mkono kapena ku nsagwada, pamodzi ndi thukuta ndi kubanika, musati "nditsirize kaye odwala awa." Kwa akazi zizindikiro nthawi zina zimangokhala mseru, befu ndi kufooka kwacilendo.

Inu oyang'anira: si nthawi zonse pamene mungathe kuonjezera anchito, koma mungathe kuwapatsa mau. Afunseni pokonza masiku a usiku ndi a cuti, adziwitseni nthawi ikadalipo, ndipo wocokera usiku mumpatse mpata wogona mokwanira asanabwerere.

Ife a kumudzi: mwana wanu akaweruka nchito ya usiku, musamdzutse kuti akatunge madzi kapena kucereza alendo, kwa iye usana ndiwo usiku. Musamsenzetse yekha mabvuto onse a ndalama a pa mtundu, pakuti mutu umodzi susenza denga. Wodwala mupite naye ku cipatala matenda asanakule, osati pakati pa usiku atalefuka kale. Ndipo mukakhala odwazika, lankhulani mwaulemu. Ngati namwino walakwa, kanenani kwa akulu a cipatala, cifukwa wodwala ayenera kusamalidwa bwino. Koma kutukwana pa mzere sikufupikitsa mzerewo. Johannes Siegrist wa ku Germany anaonetsa m'caka ca 1996 kuti kugwira nchito yaikulu popanda malipiro oyenera, ulemu ndi ciyamiko kumabvulaza mtima. Malipiro sali m'manja mwathu, koma ulemu ndi zikomo zili m'manja mwa aliyense. Akulu akale anati, mnzako akapsa ndebvu mzimire, mawa adzazima zako.

Mafunso okambirana

1. Kodi nchito yolemetsa isiyana bwanji ndi nchito yopanikiza?
2. Chulani zizindikiro zitatu zosonyeza kuti mtima uli pa ngozi.
3. Pa mudzi panu kapena pa banja panu pali wa nchito ya m'cipatala? Mungamcepetsere katundu wanji mlungu uno?