Kupatulira m'nyumba pakati pa dzinja

Masiku a kumapeto kwa Disembala ndi kuchiyambi kwa Januwale ndiwo atali koposa m'chaka kuno kwathu, ndipo ndiwonso amene mlimi amakhala ali kalikiliki kupalira ndi kupatulira. Tonse tinaphunzira kuti phando likamera mbewu zinayi timazulako zina, ngakhale zonsezo zikhale zobiriwira, kuti zotsalazo zipeze malo okulira. Phunziro la mwezi uno likutenga ntchito yomweyo ndi kuilowetsa m'nyumba. Talilembera makamaka anzathu amene atatsiriza maphunziro anakakhala m'makomboni a Lusaka, monga Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George, kumene banja lonse limagona m'zipinda ziwiri za lendi, munda uli kutali cha ku Chongwe kapena ku Kafue, ndipo makasu, mbewu ndi feteleza zimasungidwa pansi pa bedi.

Tasankha nyengo ino chifukwa cha madzi. Kanyama ndi madera ena a kumadzulo ndi kum'mwera kwa mzindawu ali pamalo athyathyathya, pamwamba pa miyala ya laimu, ndipo madzi a pansi pa nthaka ali pafupi. Mvula ikalimbika, zimbudzi zokumba zimasefukira, madziwo n'kulowa m'zitsime zosazama ndi m'nyumba momwe. Umu ndi mmene kolera amayendera. Mliri umene unayamba mu Okutobala 2017 unadwalitsa anthu oposa 5,000 mu Lusaka. Wa mu 2023 ndi 2024 unapha anthu oposa 700 m'dziko lonse, bwalo la National Heroes Stadium linasandutsidwa chipatala, ndipo sukulu sizinatsegulidwe kufikira pa 12 Febuluwale 2024. Sitikunena kuti katundu wochuluka ndiye amabala kolera. Tikunena kuti thumba, katoni kapena bulangete zimene zili pansi madzi otere akalowa zimamwa zonyansazo ndi kuzisunga masiku ambiri, komanso kuti mwini nyumba sangakolope bwino pamene tsache silifika.

Choncho tiyambe ndi pansi, ndipo tiyambe pang'ono. Tisatulutse zonse pabwalo tsiku limodzi, pakuti mitambo ya Januwale sichenjeza, ndiponso mtima umatopa msanga munthu akaona mulu waukulu. Ngodya imodzi patsiku yakwana: lero pansi pa bedi, mawa kuseri kwa chitseko, mkucha pamwamba pa kabati. Chinthu chilichonse tichigwire m'manja ndi kudzifunsa ngati chili ndi ntchito pakati pa lero ndi nthawi yokolola. Chimene chili nayo chikwere pa njerwa ziwiri ndi thabwa, kapena chipachikidwe pa msomali.

Katundu wa ulimi ndiye ayenera kutichedwetsa, chifukwa ndiye amene tikhoza kuvulala naye. Mbewu yogula m'sitolo, yopakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira, ili ndi mankhwala. Yotsala pobzala isayandikane ndi ufa, isapite kuchigayo, ndipo isaperekedwe kwa nkhuku. Mbewu zakale za repu, matimati kapena nyemba tisaziweruze ndi maso. Tiwerenge 20, tizikulunge m'kansalu konyowa, tidikire sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono. Zikamera 16 kapena kuposa, zisungidwe m'botolo louma lotseka bwino, lolembedwa dzina ndi chaka. Zikamera zochepa kwambiri, zatha ntchito, ndipo kuzisunga ndiko kudzinamiza kuti tili ndi mbewu. Feteleza wa yureya amakoka chinyontho, amasungunuka kapena kuumbana, motero theka la thumba limene latsala likathiridwe m'munda nyengo ino, kapena limangidwe kukamwa zolimba ndi kukwezedwa pamwamba.

Zigubu za mankhwala ophera tizilombo ndizo zimatidetsa nkhawa koposa. N'zolimba, zili ndi zivindikiro zabwino, ndipo m'komboni mmene madzi amagulidwa pampope chigubu sichitayidwa wamba. Koma sopo sachotsa poizoni yense amene walowerera m'pulasitiki. Chigubu chikatha, chitsukidwe katatu, madzi otsukirawo athiridwe m'chopoperamo ndi kukapopera m'munda, kenaka chibooledwe pansi kuti mwana kapena mnansi asadzatungiremo madzi. Chisatenthedwe pambaula. Mankhwala amene chizindikiro chake chinafufutika tisawayese pa ndiwo kuti tione mphamvu yake. Tiwaike kutali ndi ana kufikira tikafunse mlangizi wa zaulimi.

Kunja kwa chitseko lamulo ndi limodzi: chilichonse chosunga madzi chivundikiridwe, chibooledwe kapena chichoke. Tayala lakale, chitini, beseni losweka, zonsezi zimaswetsa udzudzu, umene m'nyengo yotentha umachoka pa dzira kufika pouluka m'masiku 7 mpaka 10. Mlimi ali ndi mwayi pano, chifukwa zambiri zimene ena amataya iye amalimamo. Thumba lakale la ufa likadzazidwa dothi losakaniza ndi manyowa ndi kuboolaboola m'mbali limabereka repu ndi anyezi pakhonde, pamwamba pa madzi osefukira. Makatoni ong'ambika, makoko ndi phulusa zipite ku kompositi. Koma tisachite umbombo: matumba atatu ndi dimba, matumba makumi atatu opindidwa pangodya ndi chisa cha makoswe.

Chovuta chenicheni si zigubu, koma zinthu zimene zili ndi mwini. Wailesi yakufa ndi ya bambo, amene akuti adzaikonza. Mapoto obooka ndi a mayi, amene anawalandira paukwati. M'sutikesi muli zovala za malemu, ndipo mwina abale a kumudzi sananenepo mawu. Wophunzira wobwerera kwawo ali ndi changu akhoza kuwononga mtendere wa banja m'mawa umodzi wokha. Langizo lathu n'lakuti tiyambe ndi zathu, ena aone malo amene apezeka. Za akulu tizipemphe: «Amayi, kodi mapotowa tingabzalemo tsabola?» Akakana, tiwapezere malo ouma, nkhaniyo idzabwerenso chaka chamawa. Zovala za malemu siziyenera kufulumizidwa ndi aliyense. Chimene tingachite ndi kuziyanika dzuwa likawala, kuti nkhungu isazidye banja lisanagwirizane.

Zimene zatuluka zikhale ndi kopita tsiku lomwelo, apo ayi zidzalowanso. Malaya a salaula amene ana akula nawo ali ndi owavala pamzere womwewo wa nyumba kapena kumpingo. Zitsulo ndi mabotolo a pulasitiki zili ndi ogula pa kilo. Zotsalazo zipite kwa otolera zinyalala amene amakazitaya ku Chunga, ngakhale pakhale kandalama kolipira. Ambiri a ife tinaonapo munthu akudikira mvula ya usiku kuti akhuthulire zinyalala m'ngalande, ndipo mwina tinachitapo. Thumba limenelo silipita kutali. Limakatseka kamlatho ka kumunsi, madzi n'kubwerera m'nyumba za anansi.

Amene mudzabwere ku maphunziro a mwezi wamawa, mutenge kansalu kanu ka mbewu 20 zija, ndipo mulembe tsiku limene munazinyowetsa.