PHUNZIRO LA ZAUMOYO: MAUKA, KADYEDWE NDI KULIMBITSA THUPI

Mawu oyamba

Amayi anzanga, phunziro la mwezi uno likukhudza vuto lomwe ambiri timalidziwa koma timachita manyazi kulitchula pagulu: kuyabwa kumaso ndi kutuluka chikazi choyera, chomwe kuno kwathu timangoti mauka. Masiku ano pali malangizo omwe akuyenda pa WhatsApp ndi pakamwa pa anthu, onena kuti mayi wodwala mauka asiye nsima, mbatata, buledi ndi zipatso kuti tizirombo tife ndi njala. Nanga mayi wa ku Nsaru kapena ku Kabudula, yemwe amalawirira kumunda ndi khasu, napita kumjigo ndi ndowa, angatsate malangizo amenewa osadzipweteka?

Cholinga cha phunziro

Pomaliza, mayi aliyense adziwe chomwe chimayambitsa vutoli, zakudya zoyenera kuchepetsa ndi zosayenera kusiya, komanso mmene angagwirire ntchito ndi kulimbitsa thupi pamene akuchira.

Kodi mauka amtundu uwu amayamba bwanji?

M'thupi mwa anthu ambiri muli tizirombo tating'ono totchedwa Candida. Tili m'gulu limodzi ndi yisiti wotupitsira mandasi, ngakhale kuti ndi mtundu wina. Timakhala m'kamwa, m'matumbo, pakhungu ndi m'njira ya amayi popanda kuvutitsa, chifukwa pali tizirombo tina tabwino tomwe timatiletsa kuswana. Tabwinoto tikachepa, kapena chitetezo cha m'thupi chikatsika, Candida amachulukana. Mayi amamva kuyabwa, kuwotcha pokodza kapena pokhala malo amodzi ndi abambo, ndipo chikazi chimakhala choyera, cha mibulu ngati chambiko, nthawi zambiri chosanunkha. Mwa amayi anayi aliwonse, atatu amakumana nalo vutoli kamodzi kapena kuposa pa moyo wawo.

Zomwe zimachititsa kawirikawiri ndi izi: kumwa makapisozi monga amoxicillin ndi doxycycline, omwe amapha ndi tizirombo tabwino tomwe; kukhala woyembekezera; matenda a shuga osasamalidwa bwino; kutsika kwa chitetezo chifukwa cha kachirombo ka HIV; kutsuka m'kati ndi sopo kapena kuikamo zitsamba; ndi kukhalitsa ndi zovala zamkati zonyowa.

Tidziwe kuti mauka amtundu uwu sawerengedwa m'gulu la matenda opatsirana pogonana. Ngakhale namwali amene sanadziwe mwamuna amatha kudwala. Tsono pasakhale kulozana zala m'banja. Koma dzina loti mauka timalitchulira matenda angapo osiyana, ndipo ena mwa iwo ndi opatsirana, ofunika kuti bambo ndi mayi alandire mankhwala onse awiri. Wosiyanitsa ndi namwino kapena dotolo.

Malangizo oletsa zakudya adachokera kuti?

Mu 1983 dotolo wina wa ku America, William Crook, adalemba buku lotchedwa The Yeast Connection. M'bukumo adati kutopa, kupweteka mutu, kufooka ndi madandaulo ena ambiri amabwera chifukwa Candida wachuluka m'matumbo, ndipo adalangiza anthu kusiya shuga, buledi, mowa ndi zakudya zina zambiri. Mu 1986 bungwe la madotolo a ku America oona za chitetezo cha m'thupi lidanena kuti maganizo amenewa alibe umboni. Mu 1990 magazini ya madotolo ya New England Journal of Medicine idasindikiza kafukufuku yemwe adapatsa amayi ena mankhwala enieni a nystatin ndi ena mankhwala ongoyerekeza. Pa madandaulo a kutopa ndi kufooka aja sipadaoneke kusiyana.

Kodi ndiye kuti zakudya zilibe gawo? Lilipo. Mayi amene shuga wake ndi wokwera m'magazi amataya shuga wina mu mkodzo, chitetezo chake chimafooka, ndipo Candida amapeza pabwino. Ndi chifukwa chake mauka obwerabwera nthawi zina amakhala chizindikiro choyamba cha matenda a shuga. Kuchepetsa zotsekemera ndi kwanzeru kwa tonse. Kusiya nsima ndi zipatso ndi nkhani ina, ndipo sikuchiza mauka. Yisiti wa mu buledi naye si Candida, ndipo amafa buledi akamaphikidwa.

Thupi logwira ntchito limafuna chakudya

Tiyerekeze mayi wa ku Mpingu mwezi wa Januwale. Wamva kuti nsima ikudyetsa tizirombo, ndiye dzulo wagonera masamba okha. M'mawa wamwa madzi, wapita kukapalira. Pofika 9 koloko manja akunjenjemera, m'maso mwachita mdima, wakhala pansi pakati pa mizere. Akabwera kunyumba aganiza kuti matenda akula, pamene vuto ndi njala.

Thupi limasunga mphamvu zochokera ku zakudya zokhutitsa m'chiwindi ndi m'minofu, koma nkhokwe yake ndi yaing'ono. Munthu akagwira ntchito yolemetsa osadya zokhutitsa, nkhokweyo imatha msanga. Kumbukirani kuti ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo kugalauza, kupalira, kubandira ndi kusinja ndi ntchito zofuna mphamvu zambiri. Buku lija lidalembedwera anthu okhala m'maofesi, oyenda pa galimoto, odya zotsekemera zambiri. Kuno ntchito yaikulu ya kumunda imafika nthawi yomwe chakudya chachepa kale m'nyumba.

Pali amayi anayi omwe sayenera kuyesa n'komwe kudzimana kotere: woyembekezera, woyamwitsa, amene ali pa ma ARV ndipo thupi lake ndi lochepa kale, ndi amene akumwa mankhwala a shuga monga glibenclamide kapena kubaya insulin. Womalizayu akagwira ntchito osadya, shuga wake amatha kutsika kwambiri mpaka kukomoka. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta lozizira, chizungulire ndi kusokonezeka mutu. Zikatero, ngati akutha kumeza, mpatseni msanga madzi osungunuliramo masupuni aang'ono atatu kapena anayi a shuga, kenako adye chakudya. Ngati wakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, thamangirani naye kuchipatala.

Tichepetse chiyani, tisunge chiyani?

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidalangiza mu 2015 kuti shuga wothira asapitirire masupuni aang'ono pafupifupi 12 pa tsiku kwa munthu wamkulu, ndipo ndi bwino koposa atakhala 6. Botolo limodzi la Coca-Cola la 300 ml lili ndi masupuni pafupifupi 8. Onjezerani masupuni anayi a mu tiyi, awiri a mu phala, ndi thobwa lothira shuga la pa chinkhoswe, muona kuti tapitirira kale. Apa ndi pomwe tiyambire: zakumwa za m'mabotolo, sikwashi, masiwiti, mabisiketi, ndi dzanja lolemera pothira shuga.

Zosunga ndi magulu asanu ndi limodzi aja omwe alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa kusikelo: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Nsima ya mgaiwa iposa ya ufa woyera chifukwa gaga amachititsa kuti shuga alowe m'magazi pang'onopang'ono ndipo munthu sachedwa kukhuta. Mbatata yofiira m'kati ili ndi vitamini A. Nkhwani, chisoso, bonongwe ndi khwanya zotendera, nyemba, soya, mtedza, usipa, matemba ndi mazira zimamanga thupi ndi chitetezo. Mango, magwafa, mapapaya ndi masuku tidye monga zilili. Chambiko chosathira shuga ndi chakudya chabwino, koma tisachiyese mankhwala.

Tsiku lopita kumunda, imwani phala la mgaiwa lothira nsinjiro kapena idyani mbatata musananyamuke. Tengani madzi akumwa ndi kachakudya monga mtedza wokazinga kapena nthochi.

Kulimbitsa thupi

Malangizo a WHO a mu 2020 amati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, komanso ntchito yolimbitsa minofu masiku awiri. Mphindi 150 ndi theka la ola masiku asanu. Ntchito ya kumunda ndi kuyenda ulendo wapansi zimawerengedwa. Choncho mayi wolima sakufunika kuwonjezera kuthamanga. Iye chofunika ndi kudya mokwanira ndi kupuma. Amene tiyenera kudzifunsa ndi ife okhala tsiku lonse pa okala ku Namitete kapena ku Nsaru, osoka pa makina, ndi ife omwe tidazolowera kukwera njinga yamoto ngakhale pa mtunda waufupi.

Minofu ikamagwira ntchito imakoka shuga m'magazi. Kuyenda mphindi 10 kapena 15 mutatha kudya kumathandiza kuti shuga asakwere kwambiri. Muyeso wake ndi wosavuta: yendani mwandawala moti mukhoza kulankhula koma kuyimba kukuvutani. Chimtali, mpira wa ntchemberembaye ndi kupalasa njinga zonse ndi zabwino. Amene simunazolowere yambani ndi mphindi 10 pa tsiku, muziwonjezera sabata ndi sabata. Miyezi yotentha ya Okotobala ndi Novembala sankhani m'mamawa kapena madzulo.

Masewera saletsedwa pamene mukulandira mankhwala a mauka. Koma ngati pali kutupa kapena tizilonda, siyani kaye njinga masiku angapo chifukwa chishalo chimakhula. Ngati muli ndi malungo, mukutsegula m'mimba kapena mukulephera kudya, pumulani mpaka mphamvu zibwerere.

Samalani ndi thukuta

Candida amakonda malo ofunda ndi onyowa. Thukuta lenilenilo silidwalitsa, koma kukhala ndi zovala zonyowa kuyambira m'mawa mpaka madzulo kumamuthandiza kuswana. Mukaweruka kumunda kapena kumasewera, sambani ndi kusintha zamkati. Sankhani za nsalu ya thonje, zosathina. Pukutani bwino kunsi kwa mabere, m'khwapa ndi mphechepeche, chifukwa namonso mumatuluka zotupa zofiira zoyabwa. Kumaso sambani kunja kokha ndi madzi oyera. Musalowetse sopo, mandimu, soda kapena mankhwala otsukira zilonda. Ambiri timayanika zamkati kuchipinda chifukwa cha ulemu, ndipo nyengo ya dzinja sizimauma. Yanikani padzuwa kuseri kwa bafa, muphimbe ndi kansalu kopyapyala ngati mukuchita manyazi.

Chithandizo chili kuchipatala

Mauka a Candida amachizika ndi mankhwala oika m'njira ya amayi kapena opaka, monga clotrimazole ndi nystatin, kapena mapiritsi a fluconazole. Mayi woyembekezera anene za mimba yake, chifukwa iye amapatsidwa oika, osati fluconazole. Mankhwala opakawa amafooketsa makondomu, choncho funsani namwino za masiku oyenera kudikira. Musasokoneze clotrimazole ndi cotrimoxazole, yemwe timamudziwa kuti Bactrim. Amene mudapatsidwa Bactrim pamodzi ndi ma ARV musasiye pa nokha chifukwa cha mauka. Kambiranani ndi achipatala. Tileke kugula makapisozi pa golosale, chifukwa amakulitsa vutoli. Mwambo wodula mauka ndi lezala ndi woopsa: umataya magazi, umabweretsa mafinya ndipo ukhoza kufalitsa HIV.

Pitani msanga ku St Gabriel's ku Namitete, kuchipatala cha Kabudula, Nsaru, Nambuma kapena china chapafupi ngati:

1. Mauka abwera katatu kapena kanayi m'chaka chimodzi. Pemphani kuyezedwa shuga ndi HIV.
2. Mukumva ludzu kwambiri, mukukodza pafupipafupi ndipo mukuonda.
3. M'kamwa mwatuluka zoyera zomata lilime ndi m'masaya, makamaka ngati kumeza kukupweteka. Kwa munthu wamkulu ichi chimasonyeza kuti chitetezo chatsika. Ma ARV akuperekedwa mwaulere m'dziko muno kuyambira 2004, ndipo kuchokera 2016 aliyense wopezeka ndi kachirombo amayamba mankhwala osadikira.
4. Chikazi ndi chonunkha, chachikasu kapena chosakanikirana ndi magazi, kapena m'chinena mukupweteka. Pemphani kuyezedwanso khansa ya khomo la chiberekero, yomwe ikupha amayi ambiri m'Malawi koma imachizika ikapezeka msanga.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi ndi malangizo ati okhudza mauka omwe tidamvapo kwa anamkungwi, anzathu kapena pa foni? Ndi ati omwe akugwirizana ndi phunziroli?
2. Aliyense awerenge masupuni a shuga omwe adadya dzulo. Angachepetse pati?
3. Kodi n'chiyani chimatilepheretsa kuuza namwino, makamaka akakhala wamwamuna, za vuto la kumaso? Tingathandizane bwanji?
4. Tingawafotokozere motani abambo kunyumba ndi ana athu aakazi nkhani imeneyi?

Zoti tikachite mwezi uno

Gulu lililonse lisankhe tsiku loyenda limodzi kapena kuvina kwa theka la ola tikatha msonkhano. Pa zochitika zathu tiyese kuika shuga pambali kuti aliyense athire yekha pang'ono. Atsogoleri apemphe mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti adzabwere kudzayankha mafunso otsala, ndipo mayi amene akuopa kupita yekha kuchipatala apezeredwe mnzake womuperekeza.